Masiku Amene Bambo Ankagwa

Bambo atagwa kachisanu m'shedi mwawo, pafupi penipeni ndi sowo, achimwene anagamula nkhani: mwezi ukatha shedi itsekedwe, bambo akakhale kwa achimwenewo. Bambo ndi kalipentala kuyambira ine ndisanabadwe. Kuwachotsa pa matabwa n'kuwaika m'manda akupuma, ndipo tonse tinkadziwa zimenezi.

Ine mtima wanga unali utaloza kale munthu: alamu anga, akazi a achimwenewo. Sitimwerana madzi kuyambira kalekale, ndipo chimene tinayambanirana ndinachiiwala. Ndinkaona ngati bambo amachita chizungulire tsiku limene alamuwo abwera kudzawaona, koma popanda umboni achimwene akanati ndi nsanje chabe.

Kuntchito ndimapanga matchati a katundu wolowa ndi wotuluka m'nyumba yosungiramo katundu. Nthawi yopuma ndinatsegula pulogalamu ya pakompyuta yopangira matchatiwo, n'kuyala masiku a miyezi itatu pamzere wopingasa. Tsiku lililonse limene bambo anagwa kapena kudandaula chizungulire ndinaikapo dontho lofiira. Analipo khumi ndi limodzi. Pansi pake ndinaika madontho obiriwira, masiku obwera alamu, amene ndinawatola m'mauthenga a pagulu la banja lathu pafoni. Dontho lofiira lililonse linali ndi lobiriwira pansi pake. Ndinawomba m'manja ndekhandekha.

Mnzanga wa desiki yoyandikana anasuzumira. "Nanga obiriwira enawa bwanji alibe ofiira? Ndi ambiritu. Iwe supitako kodi?"

"Ine ndikukhudzidwa bwanji?"

"Ikapo basi, tione."

Ndinaika anga achikasu, mokwiya. Tchati chilibe chibale. Masiku amene ndinapita ndekha, bambo anali bwinobwino. Masiku a alamu okha, chimodzimodzi. Ofiira onse anagwera pamene ine ndapita m'mawa, alamu n'kupita masana. Manyazi anandigwira moti ndinatseka kompyuta ngati muli njoka.

Loweruka ndinasindikiza pepalalo n'kukaliyala pa benchi ya bambo, titasesa utuchi. Achimwene analiyang'ana chozondoka mpaka alamu anawatembenuzira.

"Alamu," ndinatero, "mukabwera kuno mumawachitira chiyani bambo?"

"Ndimawachapira, n'kuwapatsa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Ndimagula ndekha kusitolo ya mankhwala, poti palibe amene amasamala."

"Palibe amene amasamala? Ine ndimawapatsa m'mawa, a kuchipatala!"

Tinatulutsa timabokosi. Kanga koyera, kawo kabuluu, mayina akuluakulu osiyana, koma timalemba ta pansi tofanana ndendende. Bambo akakhala okha ankamwa piritsi limodzi, wina wa ife akabwera ankadikira kupatsidwa. Tikabwera tonse, ankamwa awiri.

"Bambo, osanena bwanji?" anafunsa achimwene.

Bambo anakanda m'mutu ndi pensulo. "Ndimayesa ndi mankhwala osiyana. Komanso ndikanakana a ndani? Ndikane a mwana wanga, alira. Ndikane a mpongozi, nkhani ifika kwa iwe. Ndinangoti ndizimeza, pakhale mtendere."

Alamu anayamba kuseka, kenako misozi. Ine ndinakhala pa thabwa. Miyezi yonseyi ndinkaopa chotupa m'mutu mwa bambo, ndinkaopa sitiroko, osauza munthu. Anyani sasekana zikundu, koma tsiku limenelo tinasekana ndithu.

Lolemba adokotala anayang'ana tchaticho ndi timabokosi tija, n'kutikalipira tonse awiri mofanana. Anati magazi ankatsika mopitirira. Anatiuza kuti mankhwala azichokera m'dzanja limodzi, ndipo tidikire milungu isanu ndi umodzi tione.

Achimwene anavomera kudikira. Ndinapitiriza kudzaza tchati tsiku ndi tsiku, alamu akunditumizira uthenga wa mmene awapezera bambo. Obiriwira ndi achikasu ankachulukana, nthawi zina tsiku limodzi, koma mzere wa pamwamba unangoti mbee. Sindinaonepo chinthu chokongola ngati malo opanda kanthu amenewo.

Milungu itakwana, achimwene anaima pakhomo la shedi, pepala lili m'manja, akufunafuna mawu.

"Ndiye bambo, za kusamuka zija..."

Bambo sanadzutse n'komwe mutu. Anali atatsinzina diso limodzi, akuyeza ngati thabwa lawongoka.

"Suntha pamenepo, mwanawe," anatero. "Ukunditchingira kuwala."