Mwana wa Bwana Alireko

Sewero la pa kanema lija linatha kalekale, koma anthu ena sanavomereze kuti latha. Linali la pa hotela ina yaikulu, ndipo nkhani yonse inkazungulira pa mtsikana wolandira alendo amene ankafunidwa ndi amuna awiri. Wina anali wophika wa pa hotelapo, mnyamata wofatsa, wa manja odala. Winayo anali mwana wa bwana, wamatama, woyenda akuzunguza makiyi a galimoto pachala ngakhale akungopita kuchimbudzi. Pa gawo lomaliza mtsikanayo anakwatiwa ndi mwana wa bwana, ndipo mabanja ambiri anagawikana pakati.

Okwiya ndi osangalala anakumana m'gulu limodzi la pa foni. M'menemo ankalemba nkhani zawozawo za anthu a m'seweromo, aliyense kuwongola pamene ankaona kuti eni sewero anakhotetsa. Wina ankadzutsa akufa, wina ankathetsa maukwati, wina ankangofuna kudziwa kumene anapita mlonda wa pageti amene anasowa pakati pa sewero popanda womufunsa.

M'gululo munali mayi wina wogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala. Anzake ankamutcha Mkonzi, chifukwa munthu akatumiza nkhani yake, iye asanayamikire ankayamba waloza pamene pasowa mpumiro. Ankalemba bwino, ndipo ankadziwa kuti amalemba bwino. Anali wa mbali ya wophika ndi mtima wake wonse. Mwana wa bwana sankamutchula n'komwe ndi udindo wake. Ankangoti chitsiru chonunkhira.

Mlamu wake, mchemwali wa mwamuna wake, analinso momwemo. Ameneyu anali ndi saluni pafupi ndi pokwerera mabasi, ndipo ankamufera mwana wa bwana. Akakumana pa zochitika za pabanja, awiriwa ankapatsana moni mwaulemu, kutsukira limodzi mbale, kufunsana za ana. Akapatukana, aliyense ankatulutsa foni n'kuyamba kulasa mnzake.

Wotsogolera gululo anali mphunzitsi wopuma ntchito amene onse ankamutcha Ahedi. Ataona kuti mikangano yafika poti anthu akutuluka m'gulu, Ahedi anabweretsa nzeru yopatsana mphatso. Aliyense alembe mwachidule nkhani imene angakonde kulandira, zimene amakonda ndi zimene sakufuna kuona. Ahediwo achita maere, ndipo aliyense alembera munthu amene wamugwera, mwachinsinsi. Olemba adzaululidwa mphatso zonse zikawerengedwa.

Mkonzi analemba zofuna zake pa nthawi yopuma, ataima pakati pa makatoni m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo. Zimene ankafuna zinali zochepa: wophika ndi mtsikana uja akhale limodzi. Zimene sankafuna ndi zimene zinatalika. Pasakhale imfa. Pasakhale matenda, chifukwa amawaona tsiku lonse kuntchito. Pasakhale mimba yodzidzimutsa, apongozi ovuta, nsanje, ngozi ya pamsewu, kapena munthu womenyetsa mutu n'kuiwala dzina lake. Asapsompsonane pamvula, popeza zimenezo n'zoitana chimfine. Asakangane, ndipo popeza sakangana, pasakhalenso zokhululukirana. Mwana wa bwana asatchulidwe, ngakhale galimoto yake isadutse. Uthengawo unakana kupita umodzi, anachita kuudula pakati. Ahedi anangoyankha kuti alandira.

Maere atachitika, Mkonzi anatsegula uthenga wa Ahedi ali pakauntala, akuwerengera agogo ena mapiritsi. Dzina limene linamugwera linali la mlamu wake. Pempho lake linali mzere umodzi, wopanda mpumiro: mwana wa bwana alireko koma musamuphe ndimamukonda

Anaimbira Ahedi madzulo ake kupempha kuti amusinthire munthu. Ahedi anamumvera mpaka anamaliza, kenako anamukumbutsa kuti iye ndi amene anayamba kuvomereza nzeruyo m'gulu, ndipo walira mvula walira matope.

Poyamba ntchitoyo inamukomera. Kuliza chitsiru chonunkhira! Anamubera galimoto. Anamugwetsera m'dziwe losambiramo alendo atavala suti. Anachititsa bambo ake kumuthamangitsa pamaso pa antchito. Koma akawerenganso, munthuyo sankalira. Ankangokalipa, misozi n'kukhala ngati yothiridwa ndi kapu. Mkonzi akanatha kupatsa mlamu wake nkhani yankhanza, koma nkhani yolembedwa moipa ayi, poti tsiku loulula dzina lake lidzakhala pamenepo.

Anakhala masiku angapo osalemba kanthu. Kenako, akupukuta fumbi pa mashelefu a mankhwala a chifuwa, anazindikira vuto lake. Amuna odzimva ankawadziwa ambiri, koma wolira anali ataonapo mmodzi yekha.

Mwamuna wake anali makaniko, mwini kagalaja ka kuseri kwa msika, munthu wa mawu owerengeka. Sankafunsa njira akasochera. Akachita manyazi ankaimba chamumtima kanyimbo kopanda mutu. Akalakwa sankapepesa, ankatsokomola, kuyang'ana kumbali, n'kufunsa kuti, “Mwadya?” Bambo ake atamwalira, iye ndi amene anayendetsa zonse, maso ali gwa, kulandira anthu, kukonza za magalimoto, kuthokoza obwera. Patapita milungu, masana ena Mkonzi anatuluka kukayanika zovala ndipo anamupeza atakhala m'galimoto yoima pabwalo, mawindo otseka, wailesi ikulira. Ankapukuta chiwongolero ndi kansanza, malo omwewomwewo, misozi ikutsikira m'ndevu. Mkonzi anabwerera m'nyumba ndi beseni lake osayanika, ndipo sanayambe wazitchula.

Anatenga zonsezo n'kumuveka mwana wa bwana. M'nkhani yake, bwana wa hotela anamwalira, mwana wake anayendetsa maliro ngati msonkhano wa kuntchito, ndipo mkazi wake, mtsikana wolandira alendo uja, anadzamupeza masana ena m'galimoto, kuseri kwa hotela kumene amatsitsira katundu. Nkhaniyo inayenda yokha. Pofuna kuti asalakwitse kalankhulidwe ka munthuyo, Mkonzi anaoneranso zigawo zakale pa foni, ndipo anaona chinthu chimene zaka zonsezi sanachione: bambo a mnyamatayo sankamulola kumaliza chiganizo. Zinamukwiyitsa kuti wachiona. Anakonza nkhaniyo kangapo, n'kuitumiza kwa Ahedi.

Mphatso zinatuluka Loweruka lina masana. Mkonzi anatsegula yake atakhala pampando wa kukhitchini. Wolembayo anali atamvera lamulo lililonse. Wophika ndi mtsikana uja anali m'khitchini ya hotela, onse athanzi. Kunja kunali bwino. Wophika anawiritsa tiyi. Anafunsa mtsikanayo ngati shuga wakwana, mtsikanayo anati wakwana, wophika anagwirizana naye. Anayang'ana pawindo, ndipo sipanadutse galimoto iliyonse. Kenako anamwanso tiyi. Zinapitirira choncho masamba ambiri ndithu. Mkonzi anawerenga kawiri kusaka pamene pasowa mpumiro, kuti mwina apeze chomutonthoza, koma mipumiro yonse inali m'malo mwake. Analemba m'gulu kuti akuthokoza, wolembayo watsata zonse zimene anapempha. Sananame.

Mphatso ya mlamu wake ndi imene inagwedeza gulu. Anthu a mbali zonse ankati yawaliza. Ena a mbali ya wophika ankati aka n'koyamba kumumvera chisoni munthu uja, ndipo ankafunsana kuti kodi Mkonzi anena chiyani. Mkonzi anangolemba kuti nkhaniyo yatalika pakati.

Tsiku loulula lisanafike, mlamu wake anamuimbira foni. Sanatchule za nkhani. Anati tsitsi la alamu ake lafika pochititsa manyazi banja, abwere amuluke.

Mu saluni munali modzaza, mukununkha mankhwala a tsitsi ndi zingwe zolukira tsitsi zowauka. Mlamuyo anamukhazika pampando wapakati, kumumasula tsitsi, n'kuligwira bwinobwino chakumizu. Kenako anapereka foni kwa mayi wina amene ankadikira kuti awerenge mokweza mphatso imene iye walandira. Mayiyo anawerenga. Wowumitsa tsitsi anazimitsa makina ake kuti amve. Pofika pa kansanza ndi chiwongolero, kasitomala wina ankapukuta m'maso ndi thaulo la mwini saluni.

Mlamuyo anakoka tsitsi pang'ono, kuti Mkonzi ayang'ane pagalasi.

“Munthu ameneyu ine ndikumudziwa,” anatero. “Ndinakula naye nyumba imodzi. Wotsokomola akalakwa, n'kufunsa ngati wadya. Alamu, zaka zonsezi mukutukwana mwana wa bwana, kani mumamuchapira malaya?”

Saluni yonse inafa ndi phwete. Mkonzi anayesa kunena kuti amuna otere alipo ambiri, koma munthu sukana mlandu tsitsi lako lili m'manja mwa woweruza.

Kuseka kutazizira, makina atayambanso kulira, mlamuyo anawerama ngati akuona pogawa mzere, n'kufunsa motsitsa mawu, “Analiradi?”

Mkonzi anavomera ndi maso pagalasi.

Mlamuyo anapitiriza kuluka. Kenako ananena, osayang'ana mmwamba, kuti chiyambire maliro a bambo awo anali ndi kanthu kukhosi ndi achimwene akewo. Iye ankadzigwetsa pansi, iwo akuwerenga mipando. Ankaganiza kuti munthuyo alibe mtima, ndipo n'chifukwa chake anachepetsa kubwera kunyumba. Atatero anamina, n'kunena kuti tsitsili likuthothoka m'mbali, alamu asiye kulikoka akamaganiza. Analuka mofewa mpaka kumaliza.

Olemba ataululidwa, zinadziwika kuti nkhani ya tiyi inalembedwa ndi namwino wina wachitsikana, watsopano m'gulu. Anabwera yekha kusitolo ya mankhwala kudzadzionetsa. Anafotokoza kuti poyamba analemba nkhani ya moto wobuka m'khitchini, koma akabwerera ku zofuna za amayi ankapeza kuti china chaletsedwa, n'kuchotsa, mpaka kunatsala tiyi. Anafunsa ndi mtima woona ngati anaikonda. Mkonzi anati tiyiyo anamufotokoza bwino kwambiri, ndipo anamufunsa ngati ya moto ija akadali nayo.

Chinsinsi chonenedwa mu saluni sichichedwa panjira. Sabata isanathe, mayi wina wobweretsa galimoto ku galaja anamuyang'ana makaniko uja mwachifundo, n'kumuuza kuti kulira si kufooka. Munthuyo anafika kunyumba dzuwa lisanalowe, anasamba m'manja nthawi yaitali kuposa masiku onse, n'kupempha kuti aione nkhani imene akutchuka nayo.

Anawerenga ataimirira pakhomo la kukhitchini, foni ataitalikitsa poti magalasi anawaiwala kuntchito. Mkonzi ankadula anyezi amene sankafunika. Anamva kanyimbo kopanda mutu kaja kakuyamba chapansipansi, kenako kanasiya. Atamaliza, mwamunayo anaika foni patebulo.

“Apa mwalakwitsa,” anatero. “Mwati makiyi anali m'thumba, wailesi ikulira. Galimoto ya mtundu umenewo wailesi siyaka makiyi ali m'thumba.”

Mkonzi anasiya kudula anyezi. Zinali zoona. Gulu lonse linawerenga osaona, iye mwini anakonza kangapo osaona.

Za kulira mwamunayo sananene kanthu, ndipo mkazi wake sanafunse. Chimene ananena atadya n'chakuti akufuna amuone yekha munthu amene akumufanizira nayeyo. Anayamba kuonera sewerolo kuchokera pa gawo loyamba, madzulo aliwonse akaweruka, awiriwiri pa sofa.

Sipanatenge nthawi kuti makaniko asankhe mbali. Anakonda wophika. Anati ameneyo ndiye munthu, wodya thukuta lake, wosamala mipeni yake. Mwana wa bwana ankamunyansa: munthu wanji wolizitsa injini isanatenthe, woimika galimoto pakhomo podutsa anthu? Mkonzi anangozindikira akuyankha kuti mnyamatayo anakula movutika m'njira yakeyake, aonetsetse mmene bambo ake amamudulira mawu. Mwamuna wake anati ana onse amadulidwa mawu, si chifukwa choonongera giya. Anakangana mpaka gawo linatha osalimva, anachita kulibwereza.

Zinakhala choncho madzulo aliwonse. Ana anasamutsira homuweki yawo kuchipinda. Oyandikana nawo, amene kwa zaka ankati banja ili ndi lachete ngati laibulale, anayamba kufunsa ngati kuli bwino. M'gulu anthu ankati Mkonzi wawoloka mtsinje. Iye ankakana, ankati akungokonza pamene anzake akumunamizira munthu.

Mkangano ukafika povuta ankaimbira mlamu uja kuti aweruze, wina kulanda foni m'manja mwa mnzake. Poyamba mlamuyo ankasangalala nazo, ankabweranso Lamlungu kudzaonera nawo, atakhala pakati. Koma mafoni anachuluka, ena akumupeza ali ndi kasitomala m'manja.

Makaniko ankakhulupirira kuti ukwati wa m'nkhani ija anangoupeka mkazi wake pofuna kusangalatsa mlamu wake. Ankanena motsimikiza kuti sewero lolembedwa ndi anthu anzeru zawo silingapereke mtsikana wotere kwa munthu wosadziwa kusintha tayala. Mkonzi sankamutsutsa pamenepo. Atamuimbiranso tsiku lina, mlamuyo anawauza kuti ali ndi mitu ya anthu yoti amalize, ndipo akamuvutitsanso awauza achimwene ake mmene sewerolo linathera. Mkonzi analanda foni msangamsanga n'kupepesa, ndipo kuyambira pamenepo milandu yawo ankaweruza okha.