A Sitima ndi Makompyuta Asanu

Enelesi Makina anafika ku Migowi mu 2004, atangomaliza maphunziro a makompyuta ku Blantyre. Bungwe lina lothandiza alimi a nandolo linamulemba ntchito yolumikiza makompyuta asanu a mu ofesi yawo. Masiku amenewo wofuna kusindikiza kalata ankaiika pa disiketi n'kukaima pamzere patebulo la abwana, pomwe panali pulinta.

Sabata yoyamba anaithera kudenga, kukoka mawaya pakati pa zitosi za makoswe. Akatsika, fumbi lili mbuu kumutu, ankapeza a Sitima akumuyang'ana. Iwowa anali mlembi wachikulire, amene anayamba kutaipa nthawi ya chipani chimodzi.

"Mayi, mukamaliza zimenezi, ife tizipita kwathu?" anafunsa tsiku lina.

Enelesi nayenso ankaganiza choncho.

Mawaya atagwira, analemba kapulogalamu koti kazisonkhanitsa kokha mayina a alimi kuchokera m'makompyuta onse. Koma kanatulutsa alimi ochuluka kuposa omwe analipo. Munthu mmodzi ankaoneka katatu, popeza alangizi ankalemba mayina a Chilomwe aliyense mmene wamvera. Enelesi analimbana nako masiku anayi osaphula kanthu. Kenako ananyamula mapepalawo n'kupita nawo kwa a Sitima.

Mkuluyo anavala magalasi n'kuyamba kuyendetsa chala pamapepalapo. "Awa atatu ndi munthu mmodzi, wa ku Kaduya. Koma awa awiri musawaphatikize. Ndi munthu ndi mphwake, ndipo sayankhulana."

Anakhala patebulo limodzi milungu itatu. A Sitima ankatchula, Enelesi n'kumakonza kapulogalamuko. Masana ankagawana chinangwa chootcha. Mayina ena ankawaseketsa a Sitima. Ena akawaona ankanena kuti banja limenelo linataya ana pa napolo wa mu 1991. Pofika sabata yachitatu ankataipa okha pakompyuta, ngakhale kuti mabatani ankawamenya ngati akukhoma misomali.

A Sitima sanachotsedwe ntchito. Anapuma okha mu 2008, chaka chomwe Enelesi anasamukira ku Zomba kukayang'anira makompyuta a m'masukulu. Kumeneko makina anali atsopano ndiponso ambiri, ndipo zambiri ankazikonza ali pampando wake. Sankadziwa nkhope za anthu amene ankawathandiza.

Chaka chotsatira anadzera ku Migowi. Bungwe lija linali litatseka, ndipo mu ofesimo munkagulitsidwa simenti. Anakwera kabaza kupita ku Kaduya kwa a Sitima. Anawapeza pakhonde, maso atachita khungu pang'ono, koma anamuzindikira atangoodira.

"Mayi Makina. Khalani apa, mundiuze za ku Zomba."

Anawauza zochepa chabe. Nthawi yotsalayo anaithera kukamba za anzawo a mu ofesi ija, amene ali kuti ndi amene anatsogola, mpaka wakabaza anabwera kudzamutenga.