Onyamula Bokosi la Bambo Haugen

"Mulipo asanu," anatero Marlys, akukankhira mbale ina ya mbatata zophika ndi tchizi mufiliji yomwe inali itadzaza kale ndi zakudya za anthu odzapepesa. "Bokosi la maliro a adadi lili ndi zogwirira zisanu ndi chimodzi. Achimwene, wotsalayo ndi a Vern basi."

Duane Haugen anapukusa mutu. Iyeyu anachoka m'katauni kameneka ka ku North Dakota ndi chikwama chimodzi, n'kukayamba kuyendetsa lole ya eni ake, koma lero anali ndi malole akeake khumi ndi anayi ku Texas. Panalibe msewu waukulu m'Amereka monse umene matayala ake sanaupondepo, ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo. Ndiye chogwirira chimodzi chokha chimugonjetse?

"Ndiimba foni kamodzi, dalaivala wanga wina afika kuno mawa kusanache. Chimphona cha munthu, akhoza kulinyamula yekha bokosilo."

"Munthu woti adadi sanamuonepo?"

"Bola ameneyo kusiyana ndi munthu amene wawatukwana m'nyuzi zaka makumi awiri."

Bambo awo, a Arlen, anali mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo sabata iliyonse ankalemba maganizo awo m'kanyuzi ka m'tauniyo: za mtengo wa petulo, za mfuti, za matchalitchi amene akutha anthu, za chizolowezi chodyera m'galimoto. Sabata iliyonsenso a Vern Kubicek, a kutsidya kwa msewu, ankawayankha mowakhadzula. Ikafika nyengo ya zisankho, zikwangwani za zipani zawo zinkayang'anizana pa kapinga ngati atambala awiri. Duane ankalandira nyuziyo ku Texas, ndipo mawu onse a a Vern anawasunga mumtima.

"Pitani mukawauze nokha kuti simukuwafuna," anatero Marlys, osamuyang'ana. "Ine pakamwa panga sipangatuluke zimenezo."

Duane anavala chijasi n'kuwoloka msewu, chipale chofewa chikulira pansi pa nsapato zake. Mawu anali atawakonza kale. Iye amene anachotsapo ntchito amuna aatali ngati zitseko sakanachita chibwibwi pamaso pa nkhalamba.

"Dalaivala wamkulu wa dziko lonse!" anatero a Vern potsegula chitseko. Maso awo anali ofiira. "Lowa, koma uyambe wagwedeza nsapatozo. Mayi akuno anapita, wokolopa ndine."

M'khitchini munali fungo la khofi wopsereza. Patebulo panali makina akale otayipira, obiriwira, othothoka penti pakona. Duane anaima.

"Makina awa ndi a adadi."

"Anasamukira kuno zaka zitatu zapitazo, maso a bambo ako atasiya kuona zilembo."

"Atasiya kuona? Nanga bwanji sanandiuze?"

"Ankati uli ndi malole oti uziwadera nkhawa. Komanso iwe ukaimba foni umalankhula ndiwe, mwana wanga. Munthu angalowetse pati mawu?"

Duane anakoka mpando n'kukhala, ngakhale sanauzidwe.

"Pomwe wakhalapo ndi pake," anapitiriza a Vern. "Lolemba lililonse ankawoloka msewu, n'kundimwera khofi, n'kumandiuza zolemba. 'Lemba, Vern: mnansi wanga Kubicek ali ndi mutu ngati dzungu.' Ine n'kutayipa. Tsiku lina ndinamukumbutsa kuti dzungu analitchula kale mwezi watha, ndiye tinaika kabichi."

"Inu munkatayipa zokutukwanani nomwe?"

"Nanga akanatayipa ndani? Mlongo wako amagwira ntchito kuchipatala tsiku lonse. Komanso sindikanalola kuti munthu anditukwane ndi Chingerezi cholakwika."

A Vern anaseka pang'ono, kuseka kwawo n'kuthera m'chifuwa.

M'makinamo munali pepala. Duane anawerama n'kuwerenga. Inali nkhani ya masitolo amene achotsa anthu ogulitsa n'kuika makina oti wogula azidzitumikira yekha. Bambo ake ankadandaula kuti masiku ano munthu akhoza kugula mkaka, mazira ndi buledi osapatsidwa moni ndi wina aliyense, ndipo mlandu wonse anausenzetsa chipani cha a Vern. Duane anachita ngati akuwamva mawu awo enieni, ndi kakhosomoledwe kawo komwe. Koma zolembazo zinathera pakati pa pepala. Kumunsi konse kunali koyera.

"Sanamalize?"

"Anamaliza, tsiku lomwe lija anagwa madzulo ake. Pansipo ndi panga. Bambo ako sankalola kuti mkonzi asindikize zake ngati yankho langa silinapatsidwe malo ofanana. Ankachita kuyeza pepala ndi zala. 'Siya malo, Vern, chitsirucho chiyankhe.'" A Vern anapukuta magalasi awo ndi malaya. "Ndakhala pano masiku atatu. Zoyankha ndili nazo, walakwitsa zonse monga mwa masiku onse. Koma ndiyankhe ndani?"

Panja galimoto yochotsa chipale inadutsa ikukwekwereza chitsulo chake pamsewu. Duane anadikira mpaka phokoso litatha.

"Mapewa anu ali bwanji, bambo Kubicek?"

"Lakumanja linatha kalekale. Lakumanzere likuyesetsa."

"Mawa teni koloko, kutchalitchi. Mudzagwire kumutu, kutsogolo kwanga. Likadzalemera ndidzakuthandizani."

A Vern anazungulitsa kachitsulo ka makina pang'onopang'ono mpaka pepala linatuluka. Analipinda mosamala, pamzere pomwe panathera mawu a mnzawo, mbali yolembedwa ndi yoyera zikulingana ndendende. Kenaka anapita kuseri kwa chitseko, pomwe panapachikidwa suti yakuda yosita kale, n'kulilowetsa m'thumba lam'kati.