Mawu a bambo pa batani lachinayi

Sampula yathu ndi kabokosi kochepa ngati njerwa, ndinakagula kwa Mkongo wina ku Dzaleka. Kamajambula mawu pang'ono n'kumawabwereza ukadina batani, koma kakakhuta, basi, kuti ulowetse china uyenera kufafaniza china. Ine Kezia ndimadina, mlongo wanga Bryson amaimba rapu.

Pa mabatani atatu ndinaikapo ng'oma, khasu logogoda pamwala ndi kulira kwa jeke yodindira fodya. Lachinayi ndi la bambo athu, a Obadiya. Tsiku lina akusimba mmene anakanira khadi la chipani kalelo, anakuwa kuti, "Sindigula ine! Ndimangeni!" ine n'kujambula. Anawamangadi nthawi imeneyo, ku Dzaleka komweko ikadali ndende. Anamwalira dzinja lathali. Kaseti tilibe, chithunzi tilibe, chatsala ndi mawu amenewo.

Ndiye taonani zamanyazi! A Lester, amene anawaneneza bambowo, lero ati ndi a demokalase, akufuna uphungu. Bryson anavomera kukaimba pamsonkhano wawo ku Madisi osandifunsa n'komwe. Ndinapita, koma mtima ukuwira.

Tikuyesa zida kuseri kwa lole yoimbirapo, ndinadina lachinayi. A Lester anatembenuka msangamsanga, nkhope itagwa.

"Mwana wanga," anatero, "ujambule dzina langa lizibwerezabwereza, anthu asangalale."

"Malo mulibe, bambo. Mwina ndichotse jeke."

"Jeke isiye. Chotsa chiphokoso chomalizachi."

Chiphokoso? Bambo anga chiphokoso? Bryson anandikoka mkono. "Achemwali, fafanizani tiimbe tizipita. Anthu awa sitingalimbane nawo." Dzanja lake linali litafika kale pa batani lofafanizira. Ndinalimenya, phaa! Kabokosi ndinakakumbatira pachifuwa n'kukwera nako palole ndekha, n'kulumikiza waya wa masipika.

Ndinayamba ndi ng'oma, anyamata n'kuyamba kudumpha. Khasu linalowa, kenako jeke. Basi ndinadina lachinayi, ndinadinanso, osasiya. Bambo anakuwa msika wonse wa Madisi, mbuzi zomwe zinabalalika.

Achinyamata ankangovina, sankadziwa kanthu. Akuluakulu ndi amene anaima chilili. Mayi wina wogulitsa tomato anagwira kumutu. "Mayo ine, Obadiya uyo!"

"Zimitsani chimenecho!" anakalipa a Lester.

Ndinatola maikolofoni, mantha ndinali nawo, sindinama. "Munawatsekera kamodzi, a Lester. Kachiwiri ayi!"

Anyamata awo anathimitsa jenereta n'kunditsitsa palole mondikankha. Wina anafuna kulanda kabokosi, ndinamuluma chala mpaka anaitana amake. Amayi a pamsika anandizinga, ine n'kukamangirira m'chitenje kumsana ngati khanda.

Galimoto yobwerera anatimana, tinayenda wapansi mapiri onsewo. Bryson mpaka lero sandilankhula, ati ndinamuphera mwayi. Zake zimenezo. Ine bambo ndinabwerera nawo kunyumba.