Kapitawo Anadwalapo Kale

Matenda a dengue, ofala ndi udzudzu aja, atalowa mumsewu wawo, Telala anachita zimene mayi aliyense akanachita. Anayang'ana anthu a m'nyumba mwake n'kuwaika pamzere mumtima, kuyambira wofooka kukathera kwa wolimba. Patsogolo panali khanda lake, lomwe linali lisanayambe n'kukwawa komwe. Kenako apongozi ake aamuna, nkhalamba ya matenda a shuga yomwe inkamwa mapiritsi m'mawa ndi madzulo, koma n'kumakatapa shuga yemweyo m'kabati anthu akangotembenuka. Kumapeto kwenikweni kunali mwana wake wachisamba, mtsikana amene nyumba yonse inkamutcha Kapitawo chifukwa cholamula aliyense, ndi agogo ake omwe. Mwamuna wake, bambo a anawo, sanamuwerengere. Anali dalaivala wa thiraki, ndipo ankabwera pakhomo ngati mlendo, kudzasintha malaya n'kubwerera.

Za Kapitawo Telala analibe nazo nkhawa. Mwanayo anali atadwalapo dengue zaka zingapo m'mbuyomo, anagona sabata, n'kudzuka ali gwa. Ndipo mumsewu monsemo, kuyambira pagolosale mpaka kwa wometa tsitsi, aliyense ankadziwa kuti ukadwala kamodzi basi, magazi aphunzira. Amene anayamba kunena zimenezi sakudziwika. Mawu otere sasowa owanyamula, chifukwa amakoma m'khutu ndipo salipiritsa.

Choncho neti yabwino ija inapita kwa khanda, usana ndi usiku womwe, popeza anthu ankati udzudzu wake, wamawanga oyera m'miyendo uja, umaluma dzuwa likuswa mtengo. Chipinda cha agogo chinkapoperedwa mankhwala n'kutsekedwa, eniake akudandaula kuti awaika m'ndende asanabe kanthu. Telala mwini ankakhala pakhonde, pamakina ake osokera, atavala masokosi a mwamuna wake. Kuseri kwa nyumba, kumene kunali migolo itatu ya madzi ndi beseni lochapira matewera, kumene udzudzu unkachita kuwirira munthu akavundukula chivundikiro, kunkapita Kapitawo. Ankabwerako akukanda akakolo, n'kumawakalipira agogo ake kuti atsegulanso windo.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Matendawo anayamba ndi Kapitawo yemweyo: thupi moto, mutu kuwawa kumbuyo kwa maso, mafupa ngati amumenya. Telala anadabwa pang'ono, koma anati mwina ndi chimfine chachikulu, n'kumupatsa panado. Asanapume, khanda linayamba kukana bere n'kumalira mawu osatuluka. Kenako agogo anagwa pakhomo la bafa. Telala anasiya makina, madiresi a anthu ali osamaliza, n'kumangozungulira ndi kansalu konyowa kuchoka pa khanda kupita kwa nkhalamba. Kwa Kapitawo ankangosuzumira. Mtsikanayo sankaitana, ndipo mwana wosaitana amaiwalika ngakhale amakondedwa chotani.

Patapita masiku, m'mawa wina Telala anamugwira pachipumi n'kupeza pozizira. Anakondwa kwambiri, mwakuti anatsala pang'ono kulira. Mmodzi wachira, kwatsala awiri. Kapitawo anati m'mimba mukumupweteka ndipo wasanza kawiri, koma mayi ake anati ndi njala imeneyo, munthu sungagone masiku onsewa osadya mimba n'kukhala chete. Anamusiyira tiyi ndi buledi pampando.

Khanda linali litalefukiratu ndipo agogo sankathanso kuima okha, choncho woyandikana nawo nyumba, yemwe ankayendetsa takisi, anavomera kuwaperekeza kuchipatala. Malo m'galimotomo analimo. Telala anaganizadi zomutenga Kapitawo kuti akangomuona. Koma nthawi yomweyo mpopi wa kuseri, womwe unali utauma kwa sabata yathunthu, unayamba kutsokomola. M'dera limenelo madzi akabwera sadikira munthu, ndipo nyumba ya odwala yopanda madzi si nyumba. Migolo yonse inali itatsala pansi.

"Pitani amayi, ine ndachira," anatero Kapitawo, atatsamira chitseko. "Nditunga. Agogo musawagulire zotsekemera, akunamizani."

Telala anaseka, n'kumuuza kuti akadzaza migolo akagone.

Kuchipatala anthu anali mbwee, ena atagona m'makonde, madiripi atapachikidwa pamisomali ya m'khoma. Anadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Nesi amene anawalandira, mayi wamfupi wa maso ofiira ndi tulo, anayeza khanda, anayeza agogo, n'kunena kuti onse awiri agonekedwa. Anamuuza Telala kuti wachita bwino kufulumira nawo, chifukwa makanda ndi okalamba matendawa sachedwa kuwagonjetsa. Telala anamva kukoma mumtima. Mzere wake uja unali wolondola.

Nesiyo akumata pulasitala pakadzanja ka khanda, anafunsa osadzutsa mutu ngati kunyumba kwatsala wina wodwala.

"Wamkuluyo, koma wachira. Thupi lazizira lero m'mawa. Ndiponso iyeyo anadwalapo kale."

Nesi anasiya kumata. "Wamkulu wa zaka zingati?"

"Khumi ndi chimodzi."

M'kamwa mwake momwe, Telala anamva kuchepa kwa zakazo. Nesi anafunsa za m'mimba, za kusanza, za magazi. Telala anayankha kuti inde, inde, ndipo pa funso lachitatu anakumbukira kuti mwanayo atatsuka m'kamwa analavula zofiira, iye n'kuganiza kuti watsuka mwamphamvu. Nesi sanakalipe. Analankhula mofulumira, motsitsa mawu, kuti dengue si mtundu umodzi, ndipo amene wadwala kachiwiri ndi mtundu wina ndiye amene amawaopera kwambiri, makamaka ana a msinkhu wa sukulu. Anati kuzizira kwa thupi si kuchira nthawi zonse, kwa ena ndi pamene mitsempha imayamba kutaya madzi mkati.

"Ameneyo si wamkulu, mayi, ndi mwana. Khandali ndisiyireni. Thamangani."

Takisi ija inali itapita kale. Telala anakwera njinga yamoto, chinthu chimene ankachiopa moyo wake wonse, ndipo njira yonse ankamumenya woyendetsayo pamsana kuti awonjezere liwiro. Anali ndi mantha oti sanawamvepo. Anali ndi mkwiyo womwe, koma sankadziwa kuti aulozetse kwa wometa tsitsi, kwa mpopi, kapena kwa mwini wake.

Madzi anakumana nawo pageti. Anali atadutsa pabwalo ponse, kulowa pansi pa makina osokera, n'kumatsikira mumsewu. Kuseri mpopi unali chitsegulire, migolo iwiri yodzaza ndi yovundikira bwinobwino, wachitatu uli theka, paipi itagwera pansi. Kapitawo anali atakhala m'madzimo atatsamira khoma, miyendo atatambasula. Maso anali otsegula. Manja ake anali ozizira ndi onyowa thukuta, milomo itayera, ndipo pamalaya panali madontho a magazi ochokera m'mphuno.

"Musandikalipire amayi," anatero. "Ndangopumako pang'ono."

Telala anakoka nsalu ya kasitomala pamakina, yomwe anali ataidula kale kuti ikhale siketi, n'kumubereka nayo. Anali asanamuberekepo chiyambire sukulu. Ankayembekezera kuti msana uthyoka, koma mwanayo anali wopepuka zomvetsa chisoni, ndipo mutu wake unagona pakhosi pa mayi ake monga unkachitira kale. Mpopi anausiya ukutayika.

Kuchipatala sanadikire pamzere. Nesi uja atawaona anakankha anthu ndi chigongono n'kuwalowetsa m'chipinda cha ana, momwe munali timabedi ta zitsulo m'mbali ndi zithunzi za abakha pakhoma. Kapitawo anakwana pakabedi kameneko, malo n'kutsala kumiyendo. Mitsempha inali itabisala. Anabaya padzanja, anabaya pamkono, anakabaya kuphazi, dokotala akutuluka thukuta, mwanayo osalira n'komwe. Diripi italowa, Telala anayamba kuwerenga madontho ngati kuti akawasiya aima. Anaimbira mwamuna wake, yemwe anati akusiya thiraki pomwe ili, koma anali kutali kwambiri.

Mawa lake masana, nthawi imene anzake ankaweruka kusukulu, Kapitawo anamwalira.

Khanda linayambanso kuyamwa tsiku lomwelo. Linkakoka bere mwaukali, likumenya mayi ake pachifuwa ndi kadzanja ka pulasitala, ndipo Telala ankaliyamwitsa akuyang'ana kukhoma. Ankalikonda, ndipo zimenezo sizinamuthandize chilichonse.

Agogo anawatulutsa akuyenda okha. Anthu a m'chipinda chawo anali atawabisira, koma nkhalamba siibisidwa maliro, inaona pankhope ya nesi. Anamupeza Telala pabenchi la pakhonde la chipatala, akudikira mwamuna wake ndi galimoto yodzatenga thupi. Anakhala kumapeto kwa benchilo, patali monga apongozi amakhalira, chipewa chili m'manja. Anayang'ana mapazi awo otupa.

"Mukanandisiya ine, mayi," anatero. "Ine ndinadya kale zaka zanga."

Mwaulemu wake, Telala ankayenera kuwatonthoza, kuwauza kuti asalankhule choncho, kuti imfa sisankhidwa ndi munthu. Mawuwo ankawadziwa, ndipo anatsegula pakamwa kuti awanene. Sanatuluke, chifukwa kuyambira dzulo lake iyenso ankaganiza zomwezo, ndipo nkhalambayo inaona kuti akuganiza zomwezo.