Khushoni ya Batani

Batani anali akudzikandanso pansi pa tebulo pamene bambo a m'nyumbamo anaika kapu pansi mwamphamvu.

"Mayi, galu uyu apite kumunda kwa achimwene. Ndatopa naye. Makutu ofiira, kunyambita mapazi, ubweya paliponse. Alendo aziti tikuweta chiyani?"

Mayi Telala anayang'ana pansi pa tebulo. Anthu onse mumsewumo ankawatchula choncho chifukwa ankasokera zovala pabalaza pawo, ndipo Batani, kagalu koyera kamiyendo ifupiifupi, kanali katagona pafupi ndi phazi lawo zaka zitatu. Ana anakula n'kuchoka. Wowamvera nkhani tsiku lonse anali yemweyo. Ndiye akagone panja, pamvula?

Mlamu wawo, mlongo wa bambowo, uja sachedwa kufika pamene pali nkhani, anathira mchere. "Nthata zimenezo, mlamu. Musakwiye, koma m'nyumba mwaukhondo galu sadzikanda."

Inu! Kuwauza zimenezo mayi osesa kawiri pa tsiku! M'mawa mwake anamunyamula Batani mpaka kwa dokotala wa ziweto.

Dokotala anapesa ubweya wonse, nthata osaipeza ngakhale imodzi. Mayi Telala anawongola khosi.

"Amagona pati?" anafunsa dokotala.

"Pa khushoni yosoka ine ndemwe. Ndinaidzaza zidutswa za nsalu, n'kutseka mbali zonse zinayi. Ngakhale mano ake analephera."

"Munaichapa liti?"

"Kuchapa? Ingaume imeneyo? Ndimangoikutumula m'mawa uliwonse."

"M'nyumba momwemo?"

Khosi lija linabwerera pang'ono.

Dokotala anafotokoza kuti m'fumbi la m'nyumba mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tokonda nsalu zofunda zosachapidwa. Sitiluma ayi, koma thupi la agalu ena siligwirizana ndi zinyalala zake, ndiye khungu limayabwa. Anapereka mankhwala a m'makutu ndi a khungu. "Pogona pake muzichapa ndi madzi otentha sabata iliyonse, muziyanika padzuwa. Pansi muzikolopa. Tsache louma limangoulutsa fumbi."

Atafika kunyumba, Mayi Telala anawauza bambo maso ndi maso: "Ndipatseni masabata atatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anatulutsa khushoni ija pakhonde ndi sizasi yawo yaikulu. Mlamu anasendera pafupi, poti iwo chinthu sichiwapita. Sizasi itangoti kwee, fumbi linati fuu, lotuwa ngati phulusa, ndipo mlamu anayetsemula kasanu motsatizana, misozi ili mbwee.

"Pepani mlamu," anatero Mayi Telala. "Kapena nanunso tikutumizeni kumunda?"

"Ine ndinanena kuti pali kanthu!"

"Munati nthata. Izi n'zina, za kusukulu. Khalani pansi ndikuphunzitseni."

Tsiku lomwelo anaika pambali diresi la kasitomala, nasoka zikwama ziwiri za nsalu yopyapyala zokhala ndi zipi, kuti china chikakhala pachingwe, china Batani agonere. Zidutswa za nsalu anazichotsa pabalaza n'kuzitsekera m'chidebe. Tsache analisiya kuseri kwa chitseko. Sabata yoyamba galu anadzikandabe, bambo n'kumatsokomola mwadala. Mayi osawayang'ana n'komwe, madzi ali pamoto.

Masabata atatu atakwana, achimwene aja anatulukira ndi chingwe m'manja. Mlamu anali atafika kale, n'kukhala pampando woonera bwino.

Bambo anawerama, natembenuza khutu la Batani. M'kati munali moyera bwino. Anagwira phazi, ubweya unali utayamba kumera. Galu anangoyasamula n'kugonanso.

Bambo anaimirira, nakanda m'mutu. "Achimwene, chingwecho mukamangire mbuzi."

Mayi Telala analuma ulusi, nautaya m'chidebe mosafulumira.

"Mlamu," anatero, "tiyi wanu ndithire masupuni angati?"