Ndodo Imene Mervin Anaisiya

Mervin anayendetsa galimoto kuchokera ku South Bend mpaka ku Indianapolis, ku America, atakwinya nkhope, chifukwa njira yonse mwana wake Madalo ankangotchula dzina limodzi: ankolo Lucious. Mtsikanayu ankasewera hoke ya pa ayezi kusukulu, ndipo anali atamva kuti pa phwando la Amalawi la pa 6 July pakhala munthu amene anasewerapo mpikisano wa mayiko.

Kusewera kwake kuti? Ku Blantyre, pa hoke ya pa udzu, katswiri anali Mervin, Lucious ali wonyamula zikwama ndi madzi. Chaka cha mpikisanowo akatswiri asanu sanapezeke, timu n'kungotola aliyense amene anali ndi pasipoti. Lero wonyamula madzi uja ndiye amene mwana wake ankamusirira, osati iye. Zinkamunyansa kwabasi.

Lucious anamupeza mu lesitilanti ya pa Lafayette Road, atavala jekete la timu limene linali litakana kale kutsekeka pamimba, ana atamuzinga. Mervin analephera kuugwira mtima.

"A Lucious, auzeninsotu kuti munagonja zigoli khumi ndi zinayi kwa duu," anatero mokweza. "Auzeni kuti munkamenya mpira ndi kumbuyo kwa ndodo, refa mpaka kutopa ndi wezulo. Mpikisano wanji wa otoledwa m'njira? Eni ake kunalibe!"

Anthu anaseka. Madalo anayang'ana bambo ake monyadira koyamba tsiku limenelo, n'kufunsa m'Chingelezi ngati iwo anali m'gulu la eni akewo. Nanga analekeranji kupita? Anavulala?

Lucious ndiye anayankha, modekha.

"Sanavulale, mwanawe. Kutatsala masabata awiri kuti mpikisano uyambe, tinabwera kuno ku America kudzatrena. Adadi ako ndi anzawo anayi anati akukashopa, ndipo kushopako sanabwereko mpaka lero. Ine anangondipatsa ndodo yawo poti inalibe mwini. N'zoona, sindinkadziwa kuigwira, koma m'bwalomo ndinalowa."

Palibe anasekanso.

"Ndikadali nayo, ndipo dzina lawo likuwonekabe," anawonjezera Lucious. "Ukaifuna udzatenge."

Pobwerera Madalo anakhala mpando wakumbuyo. Atadutsa tawuni ya Kokomo ndi pamene anatsegula pakamwa, ulendo uno m'Chichewa, kuti bambo ake amve bwinobwino.

"Ndodo ija ndikatenga, adadi. Koma ndikufuna ankolo Lucious asayinepo."